NYEMBA YOTULUKA M'THUMBA SIBWERERAMO

Nkovuta kupeza mudzi, sukulu kapena bwalo la maseŵera kumene anthu sadachitepo maere. Amayi a chipereganyu akafuna kudziŵa amene ayambe kulandira ndalama, amalemba manambala pa timapepala, natipindapinda, natiponya m'chipeŵa kuti aliyense atole kake. Mphunzitsi amene ali ndi mabuku atatu a mphatso, pamene ana oyenera kulandira alipo khumi, amachita chimodzimodzi. Nawo matimu a mpira amadziŵa amene akumane nawo pa mpikisano wa chikho maina awo akatoledwa m'mbale. Pa zonsezi pali chinthu chimodzi chofanana, ndicho chakuti kapepala kakatoledwa sikabwezedwanso m'chipeŵa muja, kotero kuti wobwera pambuyo amatola pa timapepala tocheperapo.

Apa mpamene pamabuka mikangano ndi maganizo osokera. Wina amadandaula kuti wotola koyamba waŵadyera anzake masuku pamutu, wina nati iyayi, mwayi uli ndi womaliza. Bambo wogula chimanga amabaya matumba anayi, nakhulupirira kuti makumi atatu onsewo ngabwino. Mnyamata amataya ndalama ya sopo pa tikiti ya lotale, mtima ukumuuza kuti sabata ino yokha nambala yake ituluka. Zonsezi zili ndi yankho lake m'masamu amene ana athu a ku sekondale amaphunzira pa mutu wotchedwa probability, ndiko kuyesa kukula kwa mwayi. Tikupemphani, inu makolo ndi achinyamata, kuti musanapitirire kuŵerenga mutenge kathumba ndi nyemba khumi, zinayi zofiira ndi zisanu ndi imodzi zoyera, pakuti nkhani iyi imamveka bwino manja akamagwira.

MWAYI TIMAUYESA BWANJI?

Thirani nyemba khumi zija m'kathumba, mugwedeze bwinobwino, ndipo mwana mmodzi apise dzanja osayang'anamo. Nyemba iliyonse ingathe kubwera m'dzanja lake, popeza zonse nzofanana kukula. Zimene angatole zilipo 10, ndipo mwa izo 4 nzofiira. Tsono timati mwayi wotola yofiira ndi 4 mwa 10, ndipo polemba timati 4/10. Nambala ya pansi imaŵerenga nyemba zonse za m'thumba, pamene ya pamwamba imaŵerenga zokhazo zimene tikuzifuna. Momwemonso mwayi wotola yoyera ndi 6/10. Chinthu chosatheka, monga kutola nyemba yakuda m'thumba mopanda yakuda, mwayi wake ndi 0, ndipo chinthu chosalephereka mwayi wake ndi 1.

Nambala ya 4/10 sikulonjeza kuti pa maulendo khumi mudzatola yofiira kanayi ndendende. Tanthauzo lake nlakuti mukatola kambirimbiri, mukubweza nyemba ndi kugwedeza thumba ulendo uliwonse, zofiira zidzayandikira magawo anayi mwa khumi a zonse zimene mwatola. Katswiri wa masamu Jacob Bernoulli, wa mumzinda wa Basel, adatsimikiza mfundo imeneyi m'buku lake limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1713, patapita zaka zisanu ndi zitatu iye atamwalira.

CHOYAMBA CHIMASINTHA CHACHIŴIRI

Tsopano tifunse funso lalikulupo. Kodi mwayi wotola nyemba zofiira ziŵiri motsatizana ngwotani? Yankho lake lagona pa chimene tichite ndi nyemba yoyamba ija.

Tikaibweza m'thumba ndi kugwedezanso, thumba limakhala monga lidaliri poyamba, ndipo mwayi wa ulendo wachiŵiri ndi 4/10 womwe uja. Kuti tipeze mwayi woti ziŵirizi zichitike pamodzi timachulukitsa: 4/10 × 4/10 = 16/100. Chifukwa chochulukitsira nchosavuta. Pa maulendo 100, yofiira imabwera koyamba pafupifupi maulendo 40, ndipo pa maulendo 40 amenewo magawo anayi mwa khumi, ndiwo maulendo 16, imabweranso kachiŵiri.

Koma tikaika nyemba yoyamba pambali, thumba lasintha. Ngati yoyambayo idali yofiira, m'thumba mwatsala nyemba 9, ndipo zofiira zatsala 3 zokha. Mwayi wa ulendo wachiŵiri watsika kufika pa 3/9. Tikachulukitsa tipeza 4/10 × 3/9 = 12/90, ndiko kuti pafupifupi maulendo 13 pa 100 alionse m'malo mwa 16. Amene akukayika aŵerenge motere: nyemba yoyamba ingakhale iliyonse mwa 10, yachiŵiri iliyonse mwa 9 zotsala, choncho njira zonse zilipo 90. Njira zotola zofiira zokhazokha ndi 4 kuchulukitsa ndi 3, ndizo 12.

Izi ndizo akatswiri amazitcha zochitika zodalirana, chifukwa chachiŵiri chimadalira choyamba. Lamulo lake nlimodzi: ulendo uliwonse, musanalembe mwayi, suzumirani m'thumba m'maganizo mwanu ndi kufunsa kuti, mwatsala zingati zonse, nanga zimene ndikuzifuna zatsala zingati? Mukalemba mwayi wa ulendo uliwonse motero, chulukitsani.

Ophunzira ambiri amapunthwa pa malo amodzi. Nambala ya pansi imatsika ulendo uliwonse, koma ya pamwamba imatsika pokhapokha nyemba yotulukayo ikakhala ya mtundu umene tikuufunanso. Ngati yoyamba idali yoyera ndipo tikufuna yofiira, zofiira zikadali zinayi, ndipo mwayi wake ndi 4/9. Nazi njira zinayi zonse zimene zingachitike:

Yofiira, kenaka yofiira: 4/10 × 3/9 = 12/90
Yofiira, kenaka yoyera: 4/10 × 6/9 = 24/90
Yoyera, kenaka yofiira: 6/10 × 4/9 = 24/90
Yoyera, kenaka yoyera: 6/10 × 5/9 = 30/90

Phatikizani 12, 24, 24 ndi 30, mupeza 90. Umu ndi m'mene wophunzira wanzeru amaonera ngati masamu ake ali bwino, pakuti njira zonse pamodzi ziyenera kukwana 90/90, ndiye 1. Ndipo akafunsidwa mwayi wotola nyemba ziŵiri zosiyana mtundu, aphatikize njira ziŵiri za pakatizo, apeza 48/90. Poyenda njira imodzi timachulukitsa, posonkhanitsa njira zingapo timaphatikiza.

Tidziŵenso kuti thumba likakula, kusabwezako sikusintha zambiri. Mukadakhala nyemba 1,000, zofiira 400, mwayi wa zofiira ziŵiri ukadakhala 400/1,000 × 399/999, ndipo umenewo uli pafupi kwambiri ndi 16 pa 100. Kutunga chikho chimodzi m'nyanja sikuphwetsa nyanjayo, koma kutunga chikho chomwecho m'kamtsuko kumaoneka.

WOYAMBA NDI WOMALIZA

Tibwerere kwa amayi a chipereganyu. Alipo khumi, timapepala tiliponso khumi, ndipo onse akukhumba ka nambala 1, chifukwa mwini wake ndiye alandire ndalama feteleza asanakwere mtengo. Kodi kuli bwino kuthamangira kutola kapena kudikira?

Mayi woyamba mwayi wake ndi 1/10. Wachiŵiri sangakapeze pokhapokha woyamba atakaphonya, ndipo mwayi woti aphonye ndi 9/10. Akaphonya, patsala timapepala 9, ndipo mwayi wa wachiŵiriyo pamenepo ndi 1/9. Tikachulukitsa, 9/10 × 1/9 = 9/90, ndiye 1/10 yemwe uja. Wachitatu afunika aŵiri oyamba aphonye: 9/10 × 8/9 × 1/8 = 72/720, amenenso ndi 1/10. Nanga womaliza, amene sasankha nkomwe koma amangonyamula kotsala? Iye amapambana ngati anzake asanu ndi anayi onse aphonya, ndiko kuti 9/10 × 8/9 × 7/8, kutsika choncho mpaka pa 1/2. Nambala ya pamwamba iliyonse imafafanizana ndi ya pansi yotsatira, ndipo chotsala ndi 1/10.

Motero palibe wodyera mnzake. Chimene chimatinamiza nchakuti timatsegula timapepala mmodzimmodzi. Amayi anayi akatsegula naphonya, otsala asanu ndi mmodziwo mwayi wawo wakweradi kufika pa 1/6, ndipo oonerera amati kudikira kwalipira. Amaiŵala kuti tsiku lina kapepala kaja kadzatuluka m'dzanja loyamba, odikirawo nkutsala opanda kanthu asadapise nkomwe. Phindu la kudikira ndi tsoka lake zimalingana ndendende. Njira yabwino yopeŵera madandaulo njakuti onse atole, aliyense afumbate kake, ndipo atsegule pamodzi.

Kugaŵa ndi maere nkwakale ndithu. Buku la Yoswa, mutu 18 ndi 19, limasimba za mafuko asanu ndi aŵiri amene adali asadalandire dziko lawo. Dzikolo lidalembedwa m'magawo asanu ndi aŵiri, maere adachitika ku Silo, loyamba kulandira lidali fuko la Benjamini ndipo lomaliza lidali la Dani. Gawo likagwera fuko limodzi silidabwererenso pa mndandanda. Ntchito ya maere otere idali kuchotsa kukondera ndi kutseka pakamwa pa mikangano, ndipo ndiyo ntchito yomwe timapepala ta m'chipeŵa tiyenera kugwira pakati pathu.

KUMENE MASAMUŴA ADACHOKERA

Anthu adachita maere zaka zikwizikwi asadadziŵe kuŵerengera mwayi. Chiyambi chenicheni cha masamu ameneŵa chimaŵerengedwa kuchokera m'chaka cha 1654, pamene akatswiri aŵiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, adalemberana makalata pa funso ili: maseŵera a ndalama akaimitsidwa asadathe, ndalamazo zigaŵidwe bwanji mwachilungamo? M'chaka chotsatira Christiaan Huygens wa ku Holland, yemwe uja adapanga wotchi yoyendera chitsulo cholendeŵera, adafika ku Paris namva za nkhaniyi. M'chaka cha 1657 adasindikiza kabuku koyamba ka masamu a mwayi, ndipo pa mapeto pake adaikapo mafunso asanu oti aŵerengi ayese nzeru zawo.

Limodzi mwa mafunsowo nlofanana ndi nyemba zathu. Pali makadi 40 a mitundu inayi, mtundu uliwonse makadi khumi. Munthu akasolola makadi anayi, kodi mwayi woti onse akhale osiyana mitundu ngwotani? Tiyeni tiliyankhe ndi lamulo lathu lija. Khadi loyamba likhale lililonse. Lachiŵiri liyenera kukhala la mtundu wina, ndipo otere alipo 30 mwa 39 otsala. Lachitatu lichokere pa mitundu iŵiri yotsala, 20 mwa 38. Lachinayi likhale la mtundu womaliza, 10 mwa 37. Tikachulukitsa 30/39 × 20/38 × 10/37 tipeza 6,000/54,834, ndipo tikagaŵa zonse ndi 6 tipeza 1,000/9,139. Huygens adalemba kuti pa njira 1,000 zopambana pali njira 8,139 zolephera, ndipo ziŵirizi pamodzi ndi 9,139 yathu yomweyo. Mwana wa Fomu 4 lero angathe kuyankha m'mphindi zoŵerengeka funso limene lidayesa akatswiri a zaka zimenezo.

MAERE AMENE ADATUMIZA ANYAMATA KU NKHONDO

Masamu onseŵa amaima pa mwala umodzi, ndiwo wakuti thumba lagwedezedwa mokwanira. Zimene zidachitika ku America zikutiphunzitsa kuopsa kwa kunyozera mfundo imeneyi.

Pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Vietnam, boma la America lidaganiza zochita maere kuti lidziŵe anyamata amene ayambe kuitanidwa ku usilikali. Pa 1 Disembala 1969, mumzinda wa Washington, masiku 366 a chaka, kuphatikizapo 29 Febuluwale, adalembedwa pa timapepala ndi kutsekeredwa m'timabotolo ta pulasitiki. Timabotoloto tidatoledwa kamodzikamodzi m'mtsuko wa galasi popanda kubwezamo. Tsiku loyamba kutuluka lidali 14 Sepitembala, ndipo anyamata onse obadwa tsiku limenelo m'zaka za 1944 mpaka 1950 adalandira nambala 1. Oyamba kutuluka ndiwo adali oyamba kuitanidwa, ndipo kuitanako kudafika mpaka pa nambala 195.

Malinga ndi zimene taona kwa amayi a chipereganyu, tsiku lililonse lidayenera kukhala ndi mwayi wofanana. Koma akatswiri ataŵerengera adapeza zodabwitsa. Tikaphatikiza manambala onse 366 ndi kugaŵa mofanana, nambala ya pakati iyenera kukhala 183 ndi theka. Masiku a Malichi adapeza nambala ya pakati ya pafupifupi 226, pamene a Disembala adapeza 121 ndi theka. Chifukwa chake chidali chakuti timabotolo tidaikidwa m'bokosi mwezi ndi mwezi, kuyambira Januwale kumalizira Disembala, ndipo sitidasakanizidwe mokwanira, kotero kuti ta miyezi yomaliza tidatsala pamwamba, pafupi ndi dzanja. Anyamata obadwa kumapeto a chaka adasenza katundu woposa wa anzawo, pa nkhani imene ena adatayirapo moyo. Pa maere otsatira, a pa 1 Julayi 1970, boma lidasintha njira: lidagwiritsa ntchito migolo iŵiri yozungulira, wina wa masiku ndi wina wa manambala.

Phunziro lake lifika mpaka m'chipeŵa chathu. Timapepala tikhale tofanana kukula, tipindidwe mofanana, tigwedezedwe mokwanira, ndipo wogwira chipeŵa achikweze kuti wotola asaonemo.

MATUMBA A CHIMANGA

Tiyerekeze kuti komiti ya sukulu ikugula matumba 30 a chimanga, ndipo mwa iwo atatu ali ndi chimanga chofumbwa, koma ogulawo sakudziŵa. Iwo asankha matumba anayi mosayang'ana nkhope naŵabaya. Kodi mwayi woti anayi onsewo apezeke abwino, chofumbwacho nkudutsa osaoneka, ngwotani?

Abwino alipo 27. Thumba likabayidwa silibayidwanso, choncho tiŵerengera motere: 27/30 × 26/29 × 25/28 × 24/27 = 421,200/657,720. Zimenezi ndi pafupifupi 64 pa 100. Ndiye kuti pa maulendo atatu alionse, pafupifupi kaŵiri komitiyo idzabwerera kwawo ikuyamika wogulitsa, pamene anankafumbwe akwera nawo pa ngolo. Ikabaya matumba khumi, mwayi wophonya atatu onse aja utsika kufika pa 28 pa 100. Ikabaya khumi ndi asanu, utsika kufika pa 11 pa 100.

Manambala ameneŵa akutiuza kuti kuyesa zoŵerengeka kumathandiza kugwira vuto lofala, koma vuto lobisala m'matumba ochepa limafuna kuyesa kwambiri. Akutiuzanso kuti wosankha matumba akhale wogula, ndipo asankhe pamwamba, pakati ndi pansi pomwe. Wogulitsa akasankha yekha, kapena tikabaya a kutsogolo okha, tabwereza cholakwa cha ku Washington chija, ndipo masamu onse agwa.

KWA INU OPHUNZIRA

Pali chizoloŵezi pakati pa ophunzira chosankha mitu ina ndi kusiya ina, poganiza kuti mwina zosiyidwazo sizibwera. Tiyerekeze kuti phunziro lili ndi mitu khumi, mayeso afunsa mitu itatu yosiyana, ndipo mutu uliwonse ungathe kubwera mofanana ndi unzake. Wophunzira waŵerenga mitu isanu ndi umodzi, ndipo mtima wake uli m'malo chifukwa wapitirira theka.

Mwayi woti funso loyamba likhale la mutu umene waŵerenga ndi 6/10, lachiŵiri 5/9, lachitatu 4/8. Tikachulukitsa tipeza 120/720, ndiye 1/6. Pa ophunzira asanu ndi mmodzi ochita motere, mmodzi yekha ndiye adzapeza mafunso atatu onse ali oŵadziŵa. Woŵerenga mitu isanu ndi itatu mwayi wake ndi 8/10 × 7/9 × 6/8 = 336/720, umene sufika ngakhale pa theka. Wosiya mutu umodzi wokha mwayi wake ndi 504/720, ndiwo 7 mwa 10. Okonza mayeso sachita maere, nzoona, koma wophunzira amene sadziŵa maganizo awo ali ngati wopisa dzanja m'thumba. Mutu uliwonse wosiyidwa umadula mwayi koposa m'mene maso amaonera.

MASAMU A LOTALE

Tsono tifike pa thumba limene limadya ndalama za mabanja ambiri. Ku Britain, kumene kuli abale athu ochuluka, lotale ya dziko lonse idayamba pa 19 Novembala 1994. Makina ankatulutsa timipira 6 mwa 49, ndipo kampira kakatuluka sikabwereranso m'makinamo tsiku limenelo. Kuti munthu alandire mphotho yaikulu, manambala ake asanu ndi limodzi onse adayenera kutuluka.

Kampira koyamba kangakhale kalikonse mwa manambala ake 6, choncho mwayi ndi 6/49. Kachiŵiri ndi 5/48, kachitatu 4/47, kachinayi 3/46, kachisanu 2/45, ndipo komaliza 1/44. Tikachulukitsa zonsezi tipeza mwayi umodzi mwa 13,983,816. Munthu wogula tikiti imodzi sabata iliyonse angafunike zaka zoposa 268,000 kuti agule matikiti ochuluka chotero. M'mwezi wa Okutobala 2015 timipira tidaonjezedwa kufika pa 59, ndipo mwayi udatsika kufika pa umodzi mwa 45,057,474. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17,563,749 m'Malaŵi. Tangoganizani chipeŵa chokhala ndi maina ochuluka kaŵiri ndi theka kuposa Amalaŵi onsewo, dzina lanu lili pa kapepala kamodzi, ndipo dzanja lipisa kamodzi kokha. Taonani kuti timipira khumi tokha toonjezerato tidachepetsa mwayi koposa katatu. Wopambana mmodzi amajambulidwa m'nyuzipepala, koma mamiliyoni amene adasonkha ndalamazo saoneka pa chithunzi.

NAMBALA 53 YA KU VENICE

Pali msampha wina umene umakola ngakhale anthu odziŵa lamulo lathu, ndiwo kuligwiritsa ntchito pamene silikuyenera. M'thumba losabwezamo, nyemba yofiira ikachedwa kutuluka mwayi wake umakweradi, chifukwa zoyera zikutha. Koma thumba likadzazidwanso, zakale zonse zafafanizika.

Ku Italy kuli lotale yakalekale imene imatulutsa manambala 5 mwa 90 m'mizinda ingapo. Mumzinda wa Venice nambala 53 idasiya kutuluka m'mwezi wa Meyi 2003, ndipo idasoŵa maulendo 182 motsatizana. Pamene miyezi inkapita, anthu adakhulupirira kuti nthaŵi yake yakwana, nayamba kubetcherapo ndalama zambirimbiri. Ena adatenga ngongole, ena adataya chuma chonse cha banja, ndipo ena adataya ndi moyo womwe, nambalayo isadatuluke pa 9 Febuluwale 2005.

Tiyeni tiŵerengere. Mwayi woti 53 isatuluke pa ulendo umodzi ndi 89/90 × 88/89 × 87/88 × 86/87 × 85/86, ndipo manambala akafafanizana patsala 85/90. Choncho mwayi woti ituluke ndi 5/90, ndiwo 1 mwa 18. Popeza manambala onse 90 amabwezedwa ulendo uliwonse usanayambe, mwayi umenewu udali 1 mwa 18 pa ulendo woyamba, ndipo udali 1 mwa 18 womwewo pa ulendo wa 182. Timipira tilibe chikumbumtima choti tikumbuke amene tidamulakwira. Wachinyamata aliyense amene amati waluza kambiri kotero kuti tsopano kupambana kwayandikira, ali pa njira yomwe adayenda anthu a ku Italy aja. Akuluakulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

YESANI PA BANJA PANU

Madzulo ano, mukatha kudya, yesani funso ili pamodzi ndi ana. M'gulu la achinyamata muli atsikana asanu ndi anyamata atatu, ndipo aŵiri asankhidwa mwa maere kuti apite ku msonkhano. Pezani mwayi woti apite atsikana okhaokha, woti apite anyamata okhaokha, ndi woti apite mtsikana ndi mnyamata. Mukatha, fananitsani ndi mayankho aŵa: 20/56, 6/56 ndi 30/56, ndipo muone ngati akukwana 56/56. Kenaka tengani nyemba zisanu zoyera ndi zitatu zofiira, mutole ziŵiriziŵiri maulendo makumi asanu, mukubweza zonse ndi kugwedeza mukatha ulendo uliwonse, ndipo mwana mmodzi azilemba zotuluka. Mudzaona manambala anu akuyandikira a pa pepala.

Makolo ambiri timaopa masamu a ana athu poganiza kuti adatipitirira. Koma mutu uwu sufuna china koposa kuŵerenga zimene zatsala m'thumba, ndipo mayi aliyense wodziŵa kuyang'anira ufa wa m'nyumba amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti mwatsala zingati, nanga kodi thumba lagwedezedwa, nanga kodi zotuluka zikubwezedwamo, sadzakangana ndi anzake pa chipeŵa cha maere, sadzagula chimanga mwa maso okha, ndipo wogulitsa matikiti akadzamlonjeza chuma cha tsiku limodzi, adzayamba watenga pensulo asadatulutse ndalama m'thumba.